Chingwe cha Apusi pa Mbawa ya Malire

Pa phiri lonse lija panalibe munthu amene apusi ankamudziwa bwino kuposa Wanenandani. Dzinali anamupatsa ndi anthu, chifukwa ukamuuza kuti kunja kwacha ankayamba wafunsa kuti, "Wanena ndani?" kenako n'kutuluka kukadzionera yekha. Munda wake unali wakumtunda kwenikweni, wogundana ndi nkhalango, ndipo chiyambire kulima pamenepo ankangolimbana ndi apusi akuda amchira wautali aja, amene ena amati nchima. Anawagenda ndi legeni, anawaimbira zitini, anawaimikira zidole zovala malaya ake akale. Chaka china anathira tsabola m'kati mwa nthochi zakupsa, n'kuzisiya pa chitsa, iye n'kubisala kuti aonere. Akuti ndi tsiku lokhalo limene anthu anamumva akuseka.

Koma mdani wake wamkulu analibe mchira. Anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, wocheka matabwa, amene anthu ankamutcha Macheka. Munda wa Macheka unali kumunsi kwa wake. Apongozi, pogawa malowo, anangoloza ndi ndodo n'kunena kuti, "Kuyambira pa mbawa apo kukwera kumtunda n'kwa mkamwini," ndipo anamwalira asanabwereze mawuwo pamaso pa munthu wina.

Chiikireni maliro awo, malire anayamba kuyenda. Mwala umene anauika pakona unkasuntha mvula ikagwa, ndipo unali mwala wodabwitsa, chifukwa unkagubuduka chokwera phiri. Nthochi zimene anazibzala mumzere zinkaphukira mbali imodzi yokha. Chimene Macheka analephera kuchiyendetsa chinali mbawa ija, chimtengo choti amuna atatu sangachikumbatire. Wanenandani ankadziwa kuti tsiku limene mbawayo idzagwe, chitsa chidzatenthedwa, phulusa lidzalimidwa, ndipo mizere yake ya khofi yoyandikana ndi mtengowo idzadzuka m'mawa ili ya mwini wina.

Macheka naye sankabisa. Ankabwera n'kuyeza thunthulo ndi mikono, n'kuligogoda ngati munthu wogula chivwende.

"Mtengo uwu watopa, alamu. Udzakugwerani."

"Wanena ndani?"

"Ndikuumva m'kati. Ndiponso malire ake ati amene mumalirira inu? Munda uwu ndi umodzi, wa bambo anga. Inu anangokubwerekani poponda."

"Nanga bwanji simukuulima wonse?"

"Ndikulemekeza achemwali. Koma mumtengo umu muli zitseko, alamu, muli mipando, mpaka bokosi lanu lili momwemu. Limenelo ndidzakukhomerani mwaulere."

Ndiye tsiku lina kunakwera mayi wa ku ofesi ya zankhalango, wovala nsapato zachimuna, magalasi oonera kutali akulendewera m'khosi. Anthu sanachedwe, anamutcha Mayi wa Apusi. Mayiyo anamupeza Wanenandani akudulira khofi, n'kumupatsa moni mwaulemu, ulemu umene unamuchititsa mkuluyo kugwira thumba lake.

"Apusi akumtunda kuno atsala ochepa, bambo," anatero mayiyo. "Kale nkhalango iyi inali yolumikizana ndi ya kuchigwa kuja, koma minda yadula pakati. Apusi amtundu uwu sayenda mtunda wautali pansi, amaopa agalu. Ndiye akungokwatirana pachibale, ana akubadwa ofooka."

"Pachibale ndi pamene pali mavuto," anavomera Wanenandani, maso ali kumunda kwa mlamu wake. "Koma akatha, alire ndani? Ine ndidzavina."

"Tikufuna kuwamangira mlatho wa zingwe m'mwamba. Uchoke m'mphepete mwa nkhalango, udutse pamwamba pa munda wanu, ugwire pa mbawa iyi, ukafike kuchigwa."

"Mlatho wa apusi." Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ife timawoloka mtsinje pa chipika chovunda. Mkazi wanga anagweramo ndi mtolo wa nkhuni, sitinaone munthu wobwera ndi chingwe. Mwina akanakhala ndi mchira."

"Zimenezo n'zoona, bambo, koma si za ofesi yathu. Mukakana tikafunsa kutsidya. Kungoti mtengo wonyamula mlatho timaupaka utoto wofiira, ndipo palibe amene angaukhudze ndi nkhwangwa, ngakhale mwini wake."

Wanenandani anasiya kudulira khofi. "Ngakhale m'bale wa mkazi wa mwini wake?"

"Ngakhale ndani. Koma ndikuuzirenitu: apusi akapanda kuwoloka mpaka mvula yoyamba, tidzamasula zingwe n'kukayesa kwina, ndipo utoto tidzaupala."

Anavomera mokhala ngati akuchita kukakamizidwa, kuopa kuti akaonetsa mano mayiyo angasinthe maganizo. Kunabwera amuna a zipewa zolimba, anazika milongoti, anakoka zingwe zolukana ngati makwerero ogona, napaka mbawa lamba wofiira m'chiuno. Pa nthambi ina anamangapo kamera yaing'ono imene inkajambula yokha chilichonse choyenda pachingwe ndi pansi pake.

Oyamba kuugwiritsa ntchito mlathowo sanali apusi. Amayi a minda yoyandikana anaona kuti zingwe zokokera milongoti n'zolimba kuposa zawo, ndipo anayamba kuyanikapo zovala. Macheka anayanikapo chikopa cha mbuzi. Wanenandani anaona kuti chinthu chopanda mlonda n'cha aliyense. Anatenga kampando kake, chipewa chake chachikulu cha mlaza, legeni m'khosi poti anazolowera, n'kukakhala pansi pa mbawa kuyambira dzuwa kutuluka mpaka kulowa.

Macheka naye anasamutsa ntchito yonola. Ankabwera ndi macheka ake aatali ndi tupa, n'kukhala cha pomwepo, kwee, kwee, kwee.

"Awoloka angati lero, alamu?"

"Nolani, nolani. Mano atha amenewo."

"Ine sindikufulumira. Ikufulumira ndi mitambo."

Apusi ankabwera ndithu. Ankafika pa mtengo wa m'mphepete pamene chingwe chinayambira, n'kukhala pa nthambi, michira ili lende. Ankayang'ana chingwe, n'kuyang'ana pansi pa mbawa. Mtsogoleri wawo anali chimphongo chong'ambika khutu, ndipo amene analing'amba khutulo ndi mwala wa legeni anali pampando pomwepo. Chimphongocho chinkangokhosomola kamodzi, gulu lonse n'kulowa m'masamba.

Wanenandani anaganiza zowanyengerera. Anadula mkoko wa nthochi umene ankausungira alendo amene sankabwera, nakoleka nthochizo pachingwe ndi nsungwi. Popeza anali asanaitanepo pusi chibadwire, anawaitana monga aitanira nkhuku. Chimphongo chija chinatambasula dzanja, chinatenga nthochi imodzi, chinainunkhiza, chinaithyola pakati n'kusuzumira m'kati mwake. Kenako chinamuyang'ana mkuluyo nthawi yaitali, n'kuitaya pansi. Mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, ndipo apusi nawo amaudziwa mwambiwo. Nthochi zotsalazo anadya Macheka.

"Zokoma, alamu. Mawa muikeko ndi mapeyala."

Mayi wa Apusi atabweranso, anatsitsa kamera ija n'kupita nayo kunyumba kwa Wanenandani. Anakhala patebulo la mwendo waufupi limene analichirikiza ndi chivindikiro cha poto, pakati pa wailesi yakufa ndi thumba la khofi wouma. Mkazi wa Wanenandani anaima pakhomo la kuchipinda, manja m'chiuno. Mayiyo anayamba kuonetsa zithunzi pa foni. Choyamba chinali chipewa. Chachiwiri chipewa. Chachitatu chipewa chili pa bondo, mwini wake ali m'tulo kukamwa kuli yasa. Kenako Wanenandani akuthamangitsa mayi wonyamula beseni. Kenako Wanenandani atafulatira, akutaya madzi patsinde pa mtengo wotetezedwa.

"Pitirirani, pitirirani," anatero mkuluyo.

"Palibenso china, bambo. Zonse ndi inu. Mlathowu ulibe vuto. Apusi aja amakudziwani, ndipo bola inu muli pamenepo sadzapondapo. Chokanipo, muwasiye."

Mayiyo atapita, Wanenandani anagwedeza mutu. "Amutuma alongo anu ameneyu. Ndichokepo kuti iwo adule."

"Adula bwanji utoto ulipo?" anafunsa mkazi wake.

"Utoto uli ndi maso? Umakuwa?"

"Inu vuto lanu n'loti simukhulupirira ngakhale mthunzi wanu. Apusi aja ine sandithawa. Ndikamapalira amakhala pafupi, mwina mpaka kundibera chimanga m'dengu ndikuona. Wa mbiri yoipa ndinu."

Mawu amenewa anamulowa mkuluyo, koma analowera khomo lolakwika. M'mawa mwake, mkazi wake atapita kukatunga madzi, anatsegula sutikesi, navala bulauzi yamaluwa, nadzikulunga nsalu mpaka kumapazi, namanga duku lophimba mpaka nsidze. Chipewa ndi legeni anazisiya. Anatenga khasu la mkaziyo, n'kukawerama pakati pa khofi, msana kuloza kumwamba, nkhope kuloza pansi.

Ndipo zinayamba kuyenda. Apusi anabwera, anayang'ana pansi pa mbawa, napeza kampando kopanda munthu. Chimphongo sichinakhosomole. Pusi wina wamkazi anatsetsereka pa nthambi, nagwira chingwe ndi dzanja limodzi, nachigwedeza. Anaikapo dzanja lachiwiri. Wanenandani ankasuzumira kunsi kwa mkhwapa.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

Anali Macheka, macheka ali paphewa. Wanenandani anangokweza dzanja pang'ono osatembenuka, n'kupitiriza kukanda pansi ndi khasu.

"Lero alamu mwawatsekera m'nyumba? Mwachita bwino. Ine ndimakumverani chisoni, achemwali. Amuna onse aja ankakufunsirani, inu n'kukatola chikwanje chadzimbiri chimene chija. Bambo ankanena, mukudziwa? Ankati munthu uyu ngakhale moni amaununkhiza kaye."

Pusi uja anali ataika phazi pachingwe. Wanenandani analuma mlomo.

"Koma musade nkhawa. Mtengo ukagwa, mizere iyi ndidzakusungirani ine. Khofi uyu ndi wobzala mwachimbulimbuli, ndidzazula n'kuikamo nyemba. Iwo aja kulima sadziwa, amangodziwa kulondera."

"Wanena ndani?"

Liwulo linagunda phiri n'kubwerera. Wanenandani anali ataimirira njo, duku litagwa, dazi likuwala padzuwa, bulauzi itang'ambika kukhwapa. M'mphepete mwa nkhalango munangotsala nthambi zogwedera. Macheka anayamba waponya macheka pansi, kenako anakhala pansi iye mwini, naseka mpaka misozi. Lisanalowe dzuwa nkhani inali itafika mpaka kumsika wa kumunsi, ndipo kuyambira tsikulo amuna anzake ankamulonjera Wanenandani kuti, "Muli bwanji, amayi? Kunyumba abambo ali bwanji?"

Mitambo inayamba kuunjikana pamutu pa phiri. Mphepo inanunkha dothi lonyowa la kwina. Mayi wa Apusi anadutsa madzulo ena, nayang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Pepani bambo, tayesetsa. Mawa tikubwera ndi makwerero."

Wanenandani anakalowa m'kanyumba kosungira makasu, nakhala pa mtondo wosweka. Pakhoma panali pakulendewera zitini zake zakale zomangidwa pa waya. Anaziyang'ana n'kuyamba kulingalira. Moyo wake wonse panalibe pusi amene anabwera kwa iye ataitanidwa. Koma panalibenso pusi amene anakana kumuthawa. Iye akaima kumunsi, iwo ankathawira kumtunda. Ankangowaimira kumunsi chifukwa ndi kumene kunali munda.

Kutangoyera, anavala chipewa chake, nakulunga zitini m'thumba kuti zisalire, n'kutenga njira ya otola nkhuni yozungulira kuseri kwa nkhalango. Mawondo ankalira ngati zitseko. Anapuma pa mwala, natukwana phiri, napumanso pa chipika, natukwana apongozi ake omwe anaumira mawu. Dzuwa litakwera pang'ono anali pamwamba pa nkhalango, pamene anali asanafikepo chiyambire unyamata.

Kumunsi, amuna a zipewa zolimba anali atatsamiritsa makwerero pa mbawa, mmodzi atakwera kale kukamasula mfundo. Macheka anali pomwepo ndi galu wake, akuti anabwera kudzathandiza kugwira makwerero. Mkazi wa Wanenandani anaima poteropo ndi khasu, akudabwa kuti mwamuna wake walowera kuti pa tsiku ngati limeneli.

Mwadzidzidzi nkhalango inalira. Ngwengwerengwe! Ngwengwerengwe! Pamwamba pa phokosolo panamveka liwu la munthu wotsika phiri mothamanga kuposa mmene miyendo yake inkafunira.

"Akuba inu! Chimanga changa! Magwafa anga! Okwatira alongo anu inu! Tsikani!"

Apusi anali akudya nkhuyu cha m'mphepete. Liwu ankalidziwa, zitini ankazidziwa, koma chibadwire anali asanazimvepo zikuchokera kumtunda. Anathawira kumunsi mpaka pa mtengo womaliza. Pansi panali galu wa Macheka, akuuwa ngati walipidwa. Kumbuyo kunali chipewa chija chikuthyola tchire. Chimphongo chong'ambika khutu chinayang'ana uku, chinayang'ana uko, n'kudumphira pachingwe. Ena onse anatsatira, aakazi ana atakakamira kumimba, michira ikupalasa mphepo. Anadutsa pamwamba pa khofi, nafika pa mbawa, naponda chipewa cholimba cha munthu wa pamakwerero, amene anakumbatira nthambi n'kuitana amake. Kenako anatsetsereka ndi chingwe cha kuchigwa n'kuzimiririka m'mitengo ya kumeneko.

Wanenandani anatuluka m'nkhalango chogubuduka. Buluku linali litang'ambika, nsapato imodzi itatsala m'tchire, ndipo penapake anali atadutsa m'chitedze, moti ankadzikanda ndi manja onse awiri.

Mayi wa Apusi anamuyandikira, osadziwika ngati wakwiya kapena wakondwa. "Bambo, mukudziwa kuti kuopseza nyama zotetezedwa ndi mlandu?"

"Awoloka kapena sanawoloke?"

"Awoloka mothamangitsidwa. Zimenezo sitiwerengera. Mlatho ndi umene nyama ikudutsapo mwa kufuna kwake."

"Ndi zimene ndimanena ine," anatero Macheka. "Masulani, akuluakulu, mvula ingakupezeni."

Mayiyo anayang'ana chingwe chimene chinali chikugwederabe, nayang'ana mkulu wodzikanda uja. "Tsitsani makwerero," anauza amuna aja. "Tidikirako pang'ono. Akabwerera okha, mlatho ukhala. Koma inu bambo, ndikadzangoona chipewa chanu m'kamera, kapena duku, ndidzakwera ndekha kukamasula."

Choncho Wanenandani anathamangitsidwa m'munda mwake momwe. Ankakhala pakhonde, patali, kumene mbawa inkaoneka nsonga yokha ndi kachidutswa ka chingwe. Mkazi wake anabisa legeni m'thumba la ufa. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa, chingwe chili chokha. Mphepo ikawomba kuchokera kumunsi inkabwera ndi kulira kwa tupa.

Ndiye m'mawa wina chingwe chinagwedera popanda mphepo.

Apusi sanabwerere chifukwa chokonda kwawo. Pothawa paja, ali m'mwamba, anaona chinthu chimene kwa zaka zonsezi ankangochimva fungo: mitengo ya mapeyala imene Wanenandani anaibzala dala pafupi ndi mbawa, kutali ndi nkhalango, kuti pusi asadzaifike. Tsopano msewu unali utafika pakhomo pake penipeni. Anabwerera, ndipo sanabwere okha, anatenga ndi anzawo a kuchigwa. Ankatsika ndi thunthu la mbawa, kudya, kukwera, ena kupita kumtunda, ena kuchigwa, mawa chimodzimodzi. Ankaluma peyala kamodzi n'kulitaya, kuthyola lina.

Wanenandani ankaonera zonsezi ali pakhonde, dzanja likufufuza m'khosi mopanda kanthu. Akafuna kukhosomola ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mayi wa Apusi anabwera ndi kachitsulo kolembedwa manambala, nakakhomera pa mbawa pamwamba pa utoto, n'kunena kuti tsopano mtengowo sudzachokanso m'manja mwa ofesi yawo. Anaonetsa mkuluyo zithunzi za mphongo yachilendo ikusosola nsabwe pusi wamkazi wakumtunda.

"Mwapulumutsa mtundu, bambo."

"Ndiye ukwati wake ndikudyetsa ine," anatero Wanenandani.

Patapita masiku, Macheka anakwera njira ya kunyumbako akupuma mwaphuma, paphewa palibe kanthu. Sanapereke ndi moni yemwe.

"Alamu, apusi anu andithera nyemba!"

Wanenandani sanadzuke pampando. "Nyemba zake ziti?"

"Zanga! Azula ndi mizu yomwe, ngati kwadutsa nkhumba!"

"Zili pati nyembazo?"

"Mukufunsa ngati mlendo? Kumunsi kwa mbawa, mbali yanga! Munawaitana ndinu, azidya kwanu. Asamadutse mtengo uja!"

"Asamadutse mtengo uja," anabwereza Wanenandani pang'onopang'ono, ngati munthu wolawa uchi. "Ndiye kuti kumunsi kwa mbawa n'kwanu, kumtunda n'kwathu?"

Apo m'pamene Macheka anazindikira chimene pakamwa pake panatulutsa.

"Mayi!" anakuwa Wanenandani. "Siyani mbalezo, tulukani kuno. Kaitaneni aneba, onse, ndi akutsidya omwe. Alongo anu ali ndi mawu, awabwereze pamaso pa anthu."

Mkaziyo anasuzumira pazenera, manja ali thovu. "Mukudziwa kuti mapeyala atha onse? Sitilawa ndi limodzi lomwe chaka chino."

"Ndikudziwa. Fulumirani, asanakhale pansi n'kuyamba kuganiza."